Mukaona "xswl" kapena "www" musasokonezeke

Inu amene mumacheza ndi anzanu a ku China pa WeChat, kaya za katundu kaya za sukulu, mvetserani. Mukalandira zilembo zooneka ngati mwana waseweretsa foni, dziwani kuti ndi zilembo zoyamba za mawu a Chitchaina olembedwa mu pinyin, njira yolembera Chitchaina ndi zilembo zathu zomwezi za a, b, c. "dbq" ndi duibuqi, pepani. "xswl" ndi xiao si wo le, ndafa nako kuseka. "yyds" ndi chiyamikiro chachikulu, ngati kunena kuti palibenso wina woposa ameneyu.

Njira yosavuta ndi iyi: ikani kiyibodi ya pinyin pa foni yanu, lembani zilembozo momwe zilili. Kawirikawiri mawu enieni amatulukira okha pamwamba, mukatero mutha kuwamasulira. Koma "sb" ndi "nmsl" musayerekeze kutengera, ndi zotukwana zoopsa, chachiwirichi chimakhudza mayi a munthu.

Ku Japan nkhani ndi ina. "w" ndi warau, kuseka, ndiye "www" si adiresi ya pa intaneti ayi, munthuyo akungofa ndi phwete. Chimandisangalatsa n'chakuti mzere wa ma w umaoneka ngati udzu, moti ena amangolemba kusa, kutanthauza udzu, basi.