Momwe mungasinthire mlingo wa insulini wa mphaka wodwala shuga muli pakhomo

Kuno ku Dedza ambiri timaweta mphaka kuti azilonda chimanga ku makoswe, ndiye munthu ukanena kuti mphaka wako ali pa jakisoni wa shuga, anzako amayamba akuyang'ana kaye. Koma matendawa alipo ndithu, makamaka mwa amphaka achikulire ndi onenepa, ndipo aamuna ofulidwa ndiwo amagwidwa kwambiri. Mphaka amayamba kumwa madzi mosalekeza, kukodza pafupipafupi mpaka nyerere kumaunjikana pomwe wakodzapo, kudya kwambiri koma thupi likutha. Ena matenda akakhalitsa amayenda chopondetsa zidendene pansi.

Dokotala wa ziweto akayeza n'kupeza shuga, amakupatsani kabotolo ka insulini, mankhwala obaya otsitsa shuga m'magazi, ndi mlingo woyambira, nthawi zambiri yuniti 1 kawiri pa tsiku. Mlingo umenewu sukhala womwewo mpaka kalekale. Vuto lathu ndi mtunda: madokotala ozolowera amphaka, monga a ku kiliniki ya LSPCA, bungwe losamalira zinyama, ali ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchoka pa Dedza boma, ndipo wa ku Ntcheu ndiye ulendo umatalikiratu. Komanso mphaka akachita mantha m'galimoto shuga wake amakwera yekha, moti zoyeza kuchipatala zimatha kusocheretsa. N'chifukwa chake kuyeza kwenikweni kumagwera inu pakhomo, dokotala n'kumakuthandizani pafoni.

Mfundo yoti muisunge musanawerenge china chilichonse ndi iyi: kutsitsa mlingo kumachitika msanga, kukweza kumadikira. Insulini ali ngati mchere mu ndiwo, wochepa mutha kuwonjezera, koma wochuluka simungautolenso. Shuga wokwera amawononga mphaka pang'onopang'ono, pa masabata. Shuga wotsikitsa amatha kumupha masana omwewo.

Choyamba, werengani botolo ndi sirinji

Pabotolo palembedwa U-40 kapena U-100, kutanthauza mayuniti 40 kapena 100 a insulini mu mililita imodzi. Caninsulin ndi ProZinc, opangira ziweto, ndi a U-40. Lantus, yemwe ndi wa anthu koma amagwira bwino ntchito mwa amphaka, ndi wa U-100. Sirinji nayo ili ndi nambala yake, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Mukakoka insulini wa U-100 ndi sirinji ya U-40, mphaka walandira mlingo wochuluka kawiri ndi theka poyerekeza ndi womwe mumafuna. Sirinji zikakutherani musangogula iliyonse yomwe mwaipeza ku famase, tengani yakale muwaonetse. Funsaninso zokhala ndi mizere ya theka la yuniti, chifukwa kusintha kwa mphaka kumayendera matheka.

Ngati pakhomo pali agogo omwe ali pa insulini wa kuchipatala, musabwerekeko. Mitundu ngati Actrapid imatsitsa shuga mwachangu kwambiri, ndipo Insulatard sakhalitsa m'thupi la mphaka.

Chachiwiri, zina zonse zisamasinthesinthe

Simungadziwe ngati mlingo ukukwanira pomwe nthawi yobaya ndi chakudya zikusintha tsiku ndi tsiku. Sankhani nthawi ziwiri zotalikirana maola 12, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo wobaya akhale munthu mmodzi, kapena aliyense wobaya azichonga m'kope. Mphaka kubayidwa kawiri chifukwa mayi ndi mwana sanauzane ndi ngozi yeniyeni.

Pa chakudya ndiye pali nkhani. Amphaka athu ambiri amadya mkute wothira msuzi, ndipo nsima, mpunga, buledi ndi mbatata zimakweza shuga. Chomuyenera ndi nyama, nsomba yophika ndi mazira ophika, kapena chakudya cha amphaka cha m'zitini ngati thumba likulola. Usipa wouma muziyamba mwauviika kuti mchere uchoke. Ndiwo zothira anyezi musamupatse, anyezi amawononga magazi a mphaka. Koma chenjerani: mukachotsa nsima mphaka ali kale pa insulini, shuga amatha kutsika kwambiri m'masiku ochepa. Uzani dokotala musanasinthe, chifukwa kawirikawiri mlingo umafunika kutsika limodzi ndi nsimayo.

Chachitatu, phunzirani kuyeza pakhutu

Glukomita, kachipangizo koyezera shuga m'magazi, ya anthu ya ku famase imathandiza, ngakhale imakonda kuonetsa nambala yotsikirapo pang'ono pa magazi a mphaka. Yopangira ziweto, monga AlphaTRAK, imalondola koposa koma timapepala take toyezera n'tovuta kupeza. Chofunika n'kugwiritsa ntchito imodzi yomweyo nthawi zonse ndi kumuuza dokotala kuti ndi iti. Onaninso ngati ikuwerenga mu mmol/L kapena mg/dL. Manambala a m'nkhani ino ndi a mmol/L, ndipo mukawachulukitsa ndi 18 mupeza a mg/dL.

Mukhazikeni mphaka pamiyendo, muunike khutu ndi tochi ya foni kuchokera kuseri, muona kamtsempha kofiira kakuyenda m'mphepete. M'miyezi ya June ndi July khutu la mphaka kuno limazizira moti magazi satuluka, ndiye liyambeni mwalifunditsa ndi kansalu kofunda kapena kulisisita ndi zala kwa mphindi imodzi. Pakani Vaseline pang'ono kuti dontho lisamwazikire mu ubweya, ikani thonje kuseri, bayani m'mphepetimo ndi kasingano koyezera, gundizani kapepala pa dontho, kenako psinjani pobayapo kwa kanthawi. Pomaliza mpatseni kachidutswa ka nyama. Pakatha masiku angapo amphaka ambiri amangokhala phee.

Chachinayi, yezani tsiku lathunthu

Dikirani kuti mphaka akhale pa mlingo umodzi masiku 5 mpaka 7, kenako sankhani tsiku lomwe muswere pakhomo. Yezani musanabaye m'mawa, ndiye muziyeza maola awiri aliwonse mpaka nthawi ya jakisoni wa madzulo. Ngati ali pa Lantus, maola atatu kapena anayi aliwonse akwanira. Lembani nthawi, nambala, ndi zomwe wadya.

Chomwe mukufunafuna ndi nambala yotsikitsitsa ya tsikulo, osati ya m'mawa. Apa m'pomwe eni amphaka ambiri amasochera. Tiyerekeze mphaka wa makilogalamu 4 ali pa mayuniti 2, ndipo kope likuonetsa chonchi: 6 koloko m'mawa 21, 8 koloko 15, 10 koloko 8, 12 koloko masana 3.8, 2 koloko 6, 4 koloko 13, 6 koloko madzulo 20. Munthu woyeza m'mawa ndi madzulo pokha aona 21 ndi 20, mtima uli phaphapha, n'kuwonjezera mlingo. Chonsecho masana mphakayu anali pakamwa pa ngozi. Shuga akatsikitsa, chiwindi chimatulutsa shuga wosungidwa kuti chipulumutse thupi, ndipo nambala imatha kudumpha n'kukhala pamwamba kwa maola ambiri. Mphaka wotereyu akufunika insulini wochepa, osati wochuluka.

Chachisanu, gamulani

Manambala otsatirawa ndi omwe madokotala ambiri amayendera. Muwaonetse dokotala wanu, iye awakonze molingana ndi mphaka wanu ndi glukomita yanu, kenako muwalembe pachikuto cha kope.

Nambala yotsikitsitsa ikakhala pansi pa 4.5, tsitsani mlingo pa jakisoni wotsatira ndi theka la yuniti, ndipo muimbire dokotala tsiku lomwelo. Ngati mphaka anaonetsanso kufooka kapena kudzandira, mlingo umadulidwa pakati, nthawi zina jakisoni wotsatirayo amadumphidwa kumene.

Ikakhala pakati pa 4.5 ndi 8, mphaka akudya bwino, ludzu lachepa, thupi silikutsika pasikelo, musakhudze kanthu. Ngakhale nambala ya m'mawa ikhale 14 kapena 15, musiyeni. Mphaka wosangalala wa manambala osakongola kwenikweni ndi wabwino kuposa wa manambala okongola yemwe akukomoka inu muli kumunda.

Ikakhala pamwamba pa 8, manambala ambiri a tsikulo ali kupitirira 14, ludzu ndi kukodza zikupitirira, apo mlingo ungakwere. Koma musanatero dzifunseni mafunso angapo. Kodi insulini sanatenthedwe kapena kuuma ngati ayezi? Kodi singano ikulowadi pansi pa khungu, kapena mankhwala akuthera mu ubweya? Kodi mphaka sakudya nsima kwa aneba? Kodi sakumwa mankhwala ngati prednisolone, omwe amakweza shuga? Zonsezi zikakhala bwino, tumizani chithunzi cha kope kwa dokotala pa WhatsApp, ndipo akavomera wonjezerani theka la yuniti pa jakisoni aliyense, osapitirira apo. Mukatero dikiraninso sabata musanayeze tsiku lathunthu kachiwiri.

Pali masiku ena ofuna nzeru za pompopompo. Mukayeza musanabaye n'kupeza nambala yotsika kuposa masiku onse, monga pansi pa 8, musabaye kaye. Mpatseni chakudya, yezaninso pakatha ola, imbani foni. Mphaka akakana kudya, musamupatse mlingo wathunthu. Mukaiwala jakisoni, kapena mukakayika ngati walowa, musabwereze ndipo musaphatikize awiri, dikirani nthawi yotsatira.

Shuga akatsikitsa

Zizindikiro zake ndi kufooka, kudzandira, kuyang'ana mwabalalabalala, kunjenjemera, kenako kuphupha ndi kukomoka. Ngati akutha kudya, mpatseni chakudya nthawi yomweyo. Ngati sakutha, pakani uchi kapena shuga wosungunula m'madzi pang'ono pa nkhama zake ndi chala. Musamuthire madzi kukamwa, angatsamwe. Yezaninso pakatha mphindi 15 mpaka 20, ndipo nyamukani kupita kwa dokotala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, chifukwa insulini akadali m'thupi ndipo shuga atha kutsikanso. Kabotolo ka uchi kazikhala pamalo amodzi ndi sirinji, aliyense wa pakhomo adziwe pomwe kali.

Ngozi inayo ndi ya shuga wokwera: mphaka wasiya kudya, akusanza, wangogona. Timapepala toviika mu mkodzo toyezera ma ketone, zinthu zoopsa zomwe zimachuluka m'thupi insulini akaperewera, tikasintha mtundu, imeneyo si nkhani yosinthira mlingo pakhomo. Akufunika diripi tsiku lomwelo.

Kusunga insulini, ndi pomwe manambala akukana

Botolo lizikhala m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8, kutali ndi chipinda choumitsira. Insulini akauma ngati ayezi watha ntchito. Magetsi akathima musamatsekuletsekule firiji. Akakhalitsa, ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, mukaike mumtsuko wadothi wokhazikidwa pa mchenga wonyowa, pamthunzi. Kumtunda kuno nyengo imatithandiza, koma a ku Golomoti, Mtakataka ndi ku chigwa cha Bwanje asamale kwambiri mwezi wa October. Lantus amaoneka mbee ngati madzi, ndipo akachita mbuu mutayeni. ProZinc ndi Caninsulin ndi otuwa mwachibadwa ndipo amafuna kusakaniza musanakoke, monga mwa malangizo a papepala la m'bokosi.

Amphaka ena, makamaka omwe matenda apezeka msanga n'kusiya zakudya za ufa, shuga wawo amabwerera m'malo mpaka insulini osafunikanso. Mudzaona manambala akutsika sabata ndi sabata pa mlingo womwewo. Pamenepo pitirizani kutsitsa ndi matheka mogwirizana ndi dokotala, ndipo ngakhale jakisoni atasiyidwa muziyezabe apo ndi apo, poti matendawa amatha kubwerera.

Ena ndiye zimakana. Mlingo ukafika cha pa mayuniti 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya mphaka pa jakisoni mmodzi koma shuga osatsika, lekani kukweza. Kawirikawiri pamakhala china chobisala: mano owola, matenda a m'chikhodzodzo, kutupa kwa kapamba, kapena vuto la mahomoni. Apo konzani ulendo wa kwa dokotala, mutenge kope, glukomita, sirinji zomwe mumagwiritsa ntchito ndi botolo la insulini lili m'kachikwama kozizira, ndipo mupemphe kuti ayeze magazi otchedwa fructosamine, omwe amaonetsa momwe shuga wakhala akuyendera masabata apitawa posatengera mantha a paulendo.