Momwe mungazindikirire chotupa cha mitsempha ya magazi m'kamwa musanadule kapena kuzula dzino

Wodwala akayasamula, inu n'kuona chotupa chofiira kapena chakuda ngati magazi oundana pa nkhama, pa lilime kapena kumwamba kwa m'kamwa, musathamangire mpeni. Zina mwa zotupazi ndi mitsempha yokhayokha yodzaza magazi.

Yambani ndi mafunso. Chinayamba liti? Chimene munthu anabadwa nacho n'kumakula naye limodzi nthawi zambiri chimakhala mitsempha yopangika molakwika. Hemangioma (chotupa cha timitsempha ta magazi chomwe si khansa) imatuluka mwa khanda m'masabata oyamba, imakula msanga, kenako imaphwa yokha pang'onopang'ono. Mayi woyembekezera amene nkhama yake yatupa n'kumatuluka magazi akangoikhudza ndi mswachi, ganizirani pyogenic granuloma, kachotupa kofiira ka timitsempha ta magazi komwe si khansa.

Kenako pukutani malowo ndi thonje, muunike bwino. Tengani kagalasi kosalala, mukadinikize pachotupacho pang'ono, muziyang'ana kudzera m'galasimo. Chikatuwa, kenako n'kufiiranso mukachotsa galasi, magaziwo ali m'mitsempha. Chikapanda kusintha, mwina ndi magazi otayikira m'mnofu chifukwa chodziluma, kapena ndi mtundu wina wa chotupa.

Apa ndi pomwe ndimapempha anzanga azachipatala kuti asapupulume. Valani magolovesi, muike chala pachotupacho kwa kanthawi. Mukamva chikugunda ngati mtima, kapena chikutentha kuposa mnofu wozungulira, siyani pomwepo. Osabaya, osadula kachidutswa kokayeza. Chimodzimodzi dzino logwedera popanda chifukwa chomveka, lomwe magazi amatuluka m'mbali mwake okha: pansi pake m'fupa mukhoza kukhala mitsempha yolukanalukana, ndipo kulizula kungathe magazi munthu ali pampando pomwepo. Mutumizeni akajambulidwe ndi Doppler (makina oonetsa mmene magazi akuyendera m'mitsempha) kapena MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi), madokotala a opaleshoni ya nsagwada akamuone.

Kumwamba kwa m'kamwa kuyang'anitsitseni. Banga lofiirira mwakuda pamenepo, losapweteka, losatuwa mukalidinikiza, likhoza kukhala khansa ya Kaposi, yomwe dokotala wa khungu Moritz Kaposi anaifotokoza mu 1872. Imayamba chifukwa cha kachilombo ka HHV-8 ndipo imakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Lankhulani ndi wodwalayo mwaulemu za kuyezetsa HIV, ndipo yang'ananinso khungu la miyendo ndi nkhope.

Timitsempha tabuluu pansi pa lilime la agogo nthawi zambiri si vuto. Koma chotupa chilichonse chomwe chapitirira masabata 2 osachoka, lembani kukula kwake m'mamilimita, jambulani chithunzi wodwalayo akavomera, ndipo mumutumize kwa katswiri.