Mapepala kaye, penti pambuyo: kukonzekera kugulitsa nyumba mu Harare

Ambiri akaganiza zogulitsa nyumba amathamangira kugula penti. Komatu malonda a nyumba mu Harare sakonda kufera pa khoma lakuda. Amafera ku ofesi ya loya, wogula atakonzeka ndi ndalama zake, pamene zadziwika kuti nyumbayo idakali m'dzina la agogo amene anamwalira kalekale. Choncho yambani ndi mapepala, miyezi ingapo musanauze munthu kuti mukugulitsa.

Funso loyamba ndi lakuti nyumbayo mukuigwira ndi pepala lanji. Ngati muli ndi title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, onani kuti dzina lolembedwapo likufanana ndendende ndi la pa chitupa chanu. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi amavutika pamenepa: kalaliki wakale analemba dzina mmene analimvera, pena "r" pena "l", pena dzina la bambo n'kukhala ngati mfunda. Chilembo chimodzi chimaimitsa zonse ku Deeds Registry, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, ndipo kuchikonza kumafuna loya ndi kalata yolumbira. Ngati deed inatayika, loya amapempha ina, koma pamafunika kulengeza m'nyuzipepala ndi mu Government Gazette, ndiye si za sabata imodzi. Ngati munakongola ku banki n'kupinyolitsa nyumbayo, deed ili kubanki komweko, ndipo ngakhale munamaliza kubweza, chikolecho chiyenera kufafanizidwa ku Deeds Registry.

Nyumba zambiri za ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Highfield ndi Dzivarasekwa zilibe deed. Anthu anazipeza kudzera ku khonsolo, ndipo zimasinthidwa dzina mwa njira yotchedwa cession, kutanthauza kupereka ufulu wanu pa nyumbayo kwa wogula kudzera ku khonsolo. Pitani nokha ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu mukaone fayilo ya nyumbayo ndi dzina limene lilimo. Dziwaninso kuti mabanki sakonda kupereka ngongole pa nyumba yopanda deed, kotero wogula wanu adzakhala wa ndalama pamanja, ndipo otere amatsitsa mtengo.

Nyumba ya masiye ndiye imafuna mtima wodekha. Kukhala mwana woyamba kapena kukhala amene munasamala malemu sikukupatsani mphamvu yogulitsa. Chuma cha masiye chiyenera kulembetsedwa kwa Master of the High Court, mkulu wa ku khoti woyang'anira chuma cha masiye, asankhidwe woyendetsa chumacho, apatsidwe kalata yake, ndipo pogulitsa nyumbayo pamafunika chilolezo cha Master. Khalani pansi ndi abale onse, kuphatikizapo achemwali amene ali ku Johannesburg ndi achimwene amene anabwerera ku Dedza. Mmodzi akadzatulukira mochedwa n'kukana, nkhani imathera ku khoti. Mwini nyumba amene ali kunja akhoza kupereka mphamvu kwa wina, koma kalatayo isainidwe pamaso pa notary public, loya wovomerezeka kutsimikizira zikalata, osati kungotumiza uthenga wa pa WhatsApp.

Kenako ngongole. Dzina silisinthidwa popanda chiphaso cha City of Harare chosonyeza kuti mulibe ngongole ya rates (msonkho wa khonsolo) ndi madzi, komanso chiphaso cha ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, cha msonkho wa capital gains, wolipidwa pogulitsa nyumba. Tengani sitetimenti ya khonsolo lero. Mabilu ambiri ndi ongoyerekeza chifukwa mita sinawerengedwe, ndiye jambulani mita yanu mupite nacho chithunzicho kukatsutsa nthawi ikadalipo. Za ZIMRA, sonkhanitsani malisiti a zimene munawonjezera pa nyumba, monga mpanda wa durawall, borehole kapena zipinda, chifukwa akhoza kuchepetsa msonkho. Amene anakwanitsa zaka 55 ndipo akugulitsa nyumba imene amakhalamo salipira msonkhowu, komabe chiphasocho chimafunika ndithu.

Nanga kotejiyo kuseli? Ndi zipinda ziwiri zija munawonjezera ana atakula? Ngati pulani yake sinavomerezedwe ndi khonsolo, wopima mtengo wa banki akhoza kusaziwerengera, ndipo wogula wochenjera adzakuchotserani ndalama. Pezani wojambula mapulani ajambule zimene zilipo, mupereke ku khonsolo kuti zilongosoledwe. Chimene chimavuta zedi ndi chipinda chomangidwa pamwamba pa paipi ya suweji kapena chopyola malire a pulotiyo. Zoterezi uzani wogula poyera.

Tsopano tifike pa nyumba yeniyeni. Wogula wa mu Harare akalowa pageti safunsa za matailosi. Amafunsa kuti madzi amabwera masiku angati pa sabata, nanga magetsi akazima mumatani. Ngati muli ndi borehole, konzani pampu, sungani pepala la obowola losonyeza kuya kwake ndi kuchuluka kwa madzi, komanso la kulembetsa kwake. Thanki ya malita 5,000 itsukeni, mudzazemo madzi, kuti mlendo akatsegula mpopi madzi atuluke. Mpopi wouma pa tsiku loonetsa nyumba umagwetsa mtengo kuposa mng'alu wa pakhoma. Za sola, lembani pa pepala kuti mapanelo, inverter ndi mabatire zitsala kapena muchoka nazo. Mikangano yambiri imabuka pamenepa, wogula akapeza mawaya okha ali lende pakhoma.

Denga liyang'aneni mvula isanayambe mu November. Kwerani m'siling'i masana: pamene pakulowa kuwala mpamenenso padzalowe madzi. Pa denga la asibesitosi musapondepo mwachisawawa, ndipo musalikwechese louma kapena kulicheka ndi makina, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo; sinthani pepala losweka lokhalo. Gogodani mitengo ya denga ndi mafelemu a zitseko. Ikamveka ngati ng'oma, chiswe chadya mkati, ndipo mankhwala athiridwe musanapake chilichonse. Chotsaninso masamba m'magatala, makamaka ngati pafupi pali jakaranda.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Yopyapyala ngati tsitsi ndi ya pulasitala, mumangoikula pang'ono, kuthira filler, kukwecha ndi sandipepa. Koma mng'alu wotsika mopingasa kuchokera pa kona ya zenera, woti chala chaching'ono n'kulowamo, ukunena za maziko. Umaoneka kwambiri pa nyumba zomangidwa pa dothi lakuda la m'madambo, lomwe limafufuma ndi mvula n'kuuma mong'aluka m'chilimwe. Umenewu itanani injiniya. Mukaumata, umabwereranso nyengo ikasintha.

Penti ndiye abwere pomaliza. Tsukani khoma, lisiyeni liume, ndipo pamene penti akusupuka m'munsi pezani kaye kumene chinyezi chikuchokera. Kawirikawiri ndi dothi la maluwa lounjikidwa pakhoma kapena paipi yodontha. Pulasitala watsopano amafuna primer. Chidebe cha penti wa PVA cha malita 20 chimakwana pafupifupi masikweya mita 160 popaka kamodzi, ndipo muyenera kupaka kawiri. Sankhani woyera kapena wa kirimu. Wobiriwira uja mumamukonda mukampake kumene mukupita. Kusintha khitchini yonse sitikulimbikitsani, ndalama yake sibwerera yonse. Koma mpopi wodontha, chimbudzi chosagujumuka, galasi losweka ndi geti lokhulakhula pansi, izi konzani, n'zotsika mtengo.

Maloja auzeni msanga ndi kalata, motsatira pangano lanu, ndipo gwirizanani masiku oonetsa nyumba. Loja wodzidzimutsidwa ndiye amauza wogula zoipa zonse za pakhomopo. Pa tsikulo bwalo likhale losesedwa, zitsulo zakale ndi galimoto yakufa zichoke, nkhuku zitsekeredwe, agalu amangidwe, makatani atsegulidwe.

Wokugulitsirani akhale wolembetsedwa ku Estate Agents Council of Zimbabwe. Funsani chiphaso chake, ndipo komishoni, yomwe kawirikawiri imakhala 5 peresenti, ilembedwe musanayambe. Deed yeniyeni musapatse munthu wongokumana naye, ndipo ngakhale fotokope musaimwaze pa Facebook, chifukwa akuba amagulitsa nazo nyumba za eni. Ndalama za wogula zisungidwe mu trust account (akaunti yosungira ndalama za makasitomala) ya loya kapena ya ejenti wolembetsedwa. Makiyi muwapereke pa tsiku lolembedwa m'pangano, loya atatsimikiza kuti ndalama zonse zalowa, ndipo tsiku lomwelo jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi ya ZESA nonse awiri mulipo.