Momwe mungakwerere phiri la Tirumala kukafika ku kachisi wa Venkateswara, mulungu wa Ahindu

Ulendowu umayambira mu mzinda wa Tirupati, m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India, komwe mungafike pa sitima kapena pa basi kuchokera ku Chennai. Ofuna kukwera wapansi monga amachitira Ahindu ambiri amayambira pa Alipiri, m'tsinde mwa phirilo, pomwe pali masitepe pafupifupi 3,550. Njira ina, ya Srivari Mettu, ndi yachidule, koma chitunda chake n'chowawa.

Musanakwere sitepe ngakhale imodzi, konzani nkhani ya tikiti, chifukwa apa ndi pomwe ine ndinagwa m'mbuna. Tikiti yolowera m'kachisi mwachangu ndi ma rupee 300, ndipo imagulidwa pa intaneti ku bungwe loyang'anira kachisiyu la Tirumala Tirupati Devasthanams, koma malo amatha kudakali milungu yambiri. Ine ndinafika ndilibe tikiti, ndipo dobadoba wina amene anandipeza pafupi ndi siteshoni anandigulitsa pepala looneka bwinobwino pa mtengo wokwera katatu. Nditafika pachipata, miyendo ikunjenjemera ndi kutopa, ogwira ntchito pachipatapo anayerekeza pepalalo ndi pasipoti yanga n'kupeza kuti dzina linali la munthu wina. Anandibweza mwaulemu, ndipo ndinakalowa pa mzere waulere, pomwe ndinadikira usiku wonse m'zipinda zodikiriramo. Choncho tikiti ikhale m'dzina lanu lenileni, monga lalembedwera m'pasipoti, ndipo aliyense wokulonjezani chidule mumukane.

Katundu musiyeni pa Alipiri, amakunyamulirani ulere mpaka pamwamba, bola musunge kapepala kake. Nyamukani mbandakucha dzuwa lisanatenthe. Ambiri amakwera opanda nsapato akufuula kuti "Govinda! Govinda!", dzina lina la mulunguyo, ndipo ndinaona amayi ena akuwerama pa sitepe iliyonse n'kuipaka ufa wachikasu ndi wofiira pokwaniritsa chowinda chawo.

Pamwamba, amene anawinda amakameta mpala ku Kalyanakatta osalipira, kenako amasamba. Amene si Mhindu amasaina chikalata chovomereza kuti amakhulupirira ndi kulemekeza Venkateswara, choncho lingalirani bwino za chikhulupiriro chanu musananyamuke. Abambo avale dhoti (nsalu yaitali yomanga m'chiuno), amayi sari (nsalu yaitali yokulunga thupi), ndipo foni ndi nsapato zimatsala kunja. Mkatimo mumangoona chifaniziro cha Venkateswara kwa kamphindi kochepa basi, anthu akukankhana kumbuyo kwanu. Potuluka tengani laddu, chakudya chotsekemera cha pakachisipo, ndipo potsika kwerani basi.