Wailesi ya m'ndege ikamalira phokoso: kuzindikira gwero lake ndi chochita

Woyendetsa ndege ndi wolondolera ndege wa pansanja amalankhulana pa mafunde a wailesi otchedwa VHF, kuyambira 118 mpaka 136.975 MHz, pogwiritsa ntchito AM, njira yotumizira mawu pa mafunde yosiyana ndi FM. AM ili ndi ubwino umodzi waukulu. Pa FM, anthu awiri akalankhula nthawi imodzi, wamphamvu amameza mnzake ndipo palibe amadziwa kuti mawu ena asowa. Pa AM mumamva likhweru lakuthwa, tswiii, ndipo mumadziwiratu kuti uthenga wina waphedwa. Choncho musanakhudze batani lililonse, tcherani khutu. Kaliridwe ka phokosolo ndi kamene kamaulula gwero lake.

Likhweru limeneli ndilo loopsa kuposa onse, chifukwa amene akulankhulawo salimva. Mukadina batani la maikolofoni, wailesi yanu imasiya kulandira. Amene amalimva ndi wachitatu, ndipo ndi udindo wake kunena mawu amodzi okha, "blocked" (uthenga watsekeka), kuti awiriwo abwereze. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife cha dziko la Spain, m'chifunga, wa pansanja ankauza ndege ya KLM kuti idikire kaye isanyamuke, pamene a m'ndege ya Pan Am ankanena kuti akadali pa msewu womwe ya KLM inkafuna kunyamukirapo. Mawu awiriwo anaphana, a KLM sanamve bwino lililonse, ndipo anthu 583 anafa ndege ziwirizo zitaombana.

Kupewa kwake n'kwa khalidwe osati kwa zipangizo. Mukasintha tchanelo, dikirani masekondi angapo mumve ngati pali ena amene ali pakati pa nkhani. Musalowerere pakati pa lamulo la wa pansanja ndi kubwereza kwa ndege imene yalamulidwayo. Lamulo likabwera lodukaduka, musadzazemo mawu amene mumayembekezera kumva. Nenani "say again", kutanthauza kuti abwereze. Nambala ya msewu wa ndege, kutalika kumene mwapatsidwa, kolowera, QNH (muyezo wa kupanikiza kwa mpweya wotchera chida choyezera kutalika) ndi nambala ya transponder (chida chozindikiritsa ndege yanu pa radar) muzibwereze mokweza, pamodzi ndi dzina loitanira la ndege yanu. Dzinalo ena amalidumpha akakhala pa changu, koma ndi limene limathandiza wa pansanja kugwira ndege imene yatenga lamulo la inzake.

Tchanelo cha phokoso chikangoti zii mwadzidzidzi, dzikayikireni nokha poyamba. Mwina batani lanu lakanirira ndipo mukutsekera aliyense. Yang'anani ngati chizindikiro cha TX, chosonyeza kuti mukuulutsa, chikuyaka, dinani batanilo kangapo, zulani maikolofoni ya m'manja, ndipo zikakanika pitani pa wailesi yachiwiri. Mawailesi ambiri atsopano amadzidula okha pakatha pafupifupi theka la miniti, koma akale amapitiriza kuulutsa zonse zimene mukukambirana m'chipinda choyendetsera.

Nyimbo kapena mawu a muulutsi zikamveka, gwero lili pansi. Nyumba zoulutsira mawu za FM zimafika pa 108 MHz, pomwe pamayambira zida zolondolera ndege pa ulendo ndi potera monga VOR ndi ILS. Mafunde awiri amphamvu akasakanikirana m'makina oulutsira opanda sefa yabwino, m'wailesi yolandira imene yathedwa mphamvu, ngakhalenso pa bawuti ya dzimbiri pa mlongoti, amabala lachitatu. Masamu ake ndi osavuta: chulukitsani limodzi kawiri, muchotsepo linalo. Wina akamaulutsa pa 107 MHz, wina pa 95 MHz, 214 kuchotsa 95 ndi 119 MHz, m'kati mwenimweni mwa matchanelo a ndege. Muli m'mwamba simungakonze zimenezi. Pemphani tchanelo china, ndipo lembani nthawi ya UTC (nthawi imodzi ya dziko lonse imene a ndege amayendera), tchanelo, malo, kutalika kwake ndi zimene munamva. Dzina la wailesi likatchulidwa, lilembeni, chifukwa limafupikitsa ntchito ya bungwe loyang'anira mafunde a wailesi.

Phokoso la shwaaa limene limakula mukalowa m'mitambo, m'mvula, m'chipale chofewa kapena m'fumbi ndi magetsi amene thupi la ndege limatola pokhulana ndi zinthuzo. Timawaya ta static wick ta kumbuyo kwa mapiko ndi chipsepse ndito timawataya mwakachetechete. Poyendera ndege musananyamuke, onani ngati tilipo tonse, tosapsa ndi tosathyoka. Kulira kumene kumakwera ndi kutsika limodzi ndi injini, makamaka m'ndege zazing'ono, kumaloza alternator (chopangira magetsi) kapena mawaya a mapulagi a injini amene chophimba chake chatha. Zina zonse zipezeni pozimitsa chinthu chimodzi pa nthawi: magetsi othwanima, mababu a LED, tchaja ya USB yotchipa, foni yoiwalika m'thumba.

Nthawi zina si kusokonezeka konse, ndi mtunda. VHF siidutsa phiri kapena kukhota kwa dziko. Pa mafiti 10,000 imafika mamailosi apanyanja pafupifupi 120, pa mafiti 35,000 pafupifupi 230. Mawu akamadukaduka, tsegulani squelch, chotsekera phokoso cha m'wailesi, kuti mawu ofooka alowe, kapena pemphani ndege imene ili pamwamba panu ikuperekereni uthenga.

Zikatheratu, yambani ndi zazing'ono, pakuti kawirikawiri vuto limakhala pomwepo: voliyumu, nambala ya tchanelo, batani la pa audio panel (posankhira wailesi yomvera ndi yolankhulira), pulagi ya mahedifoni. Kenako bwererani pa tchanelo chimene munachoka, yesani wailesi yachiwiri, itanani pa tchanelo cha zangozi, 121.5 MHz. Pakapanda yankho, ikani 7600, nambala yosonyeza kuti wailesi yafa, pa transponder ndipo pitirizani kunena malo anu ndi cholinga chanu, uthenga uliwonse kawiri, mutayamba ndi mawu akuti "transmitting blind" (ndikulankhula koma sindikumva yankho), chifukwa mwina iwo akukumvani. Mukafika pafupi ndi bwalo yang'anani nyali ya pansanja. Yobiriwira yosaphethira ndi chilolezo chotera, yofiira yosaphethira ikuti perekani mpata ndipo muzizungulirabe, yofiira yophethira ikuti bwalo silili bwino, musatere.