Momwe mungaphunzitsire ana a ku Zomba mbiri ya mzinda wa Kilwa Kisiwani

Yambani ndi mapu, ndipo muwaonetse ana chilumba cha Kilwa m'mphepete mwa nyanja ya Indian, kummwera kwa Tanzania. Kenaka alondole ndi chala njira yochokera kuno ku Zomba, kudutsa Mangochi ndi kumpoto kwa Mozambique, chifukwa amalonda a Chiyao ankayenda chigawo chimenechi atasenza minyanga ya njovu kukasinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti.

Mukatero, afotokozereni chimene chinalemeretsa mzindawu, chomwe ndi golide wochokera ku Zimbabwe amene ankatulukira padoko la Sofala ku Mozambique. Mafumu a Chisilamu a ku Kilwa ankasula ndalama zawozawo zamkuwa, ndipo Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, atafikako mu 1331 anayamikira kukongola kwake. Pamenepa musafulumire. Aonetseni zithunzi za mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, awerenge nsanamira zake ndi kuona denga lake lozungulira, komanso nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa imene Sultan al-Hasan ibn Sulaiman anamanga pamwamba pa gombe.

Atchuleninso Apwitikizi amene analanda mzindawu mu 1505, ndi bungwe la UNESCO limene linauika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1981. Koma musabise za ukapolo, pakuti m'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri ochokera kuno anakagulitsidwa ku Kilwa Kivinje, tauni yapamtunda yoyandikana ndi chilumbacho. Pomaliza, atumeni akafunse agogo ndi mashehe a m'midzi yawo zimene anamva zokhudza maulendo a kunyanja.