Mmene mungatetezere mtima ndi ubongo kuyambira ubwana mpaka ukalamba

Mtima ndi ubongo zonse zimadalira mitsempha ya magazi. Mtsempha ukatsekeka pamtima, munthu amagwidwa ndi matenda a mtima mwadzidzidzi. Ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, ndiyo sitiroko ija. Mitsempha imawonongeka mwakachetechete kwa zaka zambiri munthu asanamve kalikonse.

Choyamba, yambirani pa mwana. Akamadandaula zilonda zapakhosi thupi likutentha, musangomugulira mankhwala opha ululu, pitani naye kuchipatala. Mabakiteriya ena apakhosi akapanda kuphedwa ndi mankhwala monga penicillin amadzawononga mavavu a mtima (tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo), mwanayo n'kumadzabanika akadali wamng'ono. Musiyeninso azithamangathamanga, ola limodzi patsiku.

Akamasinkhuka, limbanani ndi fodya, poti ambiri amayamba kusuta pamsinkhu umenewu. Wosuta kale asataye mtima: pakatha chaka atasiya, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi pafupifupi theka.

Kenaka BP, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Kayezetseni ngakhale mukupeza bwino. Khalani kaye pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, ndipo musayankhule akamakuyezani. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti yakwera. Mukapatsidwa mankhwala, imwani tsiku ndi tsiku. Zimandiwawa kuona munthu akusiya mankhwala ati poti mutu waleka kupweteka. Mankhwalawo sachotsa BP, amangoigwira, mukawasiya imakweranso. Mayi amene BP inakwera ali woyembekezera aziyezetsabe ngakhale atachira. Mukapita kumeneko, yezetsaninso shuga.

Mchere chepetsani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya za m'mapaketi. Yendani ndawala mphindi 150 pamlungu, mowa muchepetse.

Okalamba musawasiye okhaokha. Kusowa wocheza naye komanso kusamva bwino kumene sikunathandizidwe zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala, choncho apimitseni makutu.

Pomaliza, aliyense pakhomo adziwe zizindikiro za sitiroko: kamwa lapotokera mbali imodzi, mkono wafooka mwadzidzidzi, mawu sakumveka. Musadikire kuti kuche, ndipo musamupatse madzi kapena chakudya chifukwa angatsamwe. Onani nthawi imene zayambira n'kuthamangira naye kuchipatala, pakuti mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka.